Kalata yotseguka kwa atsogoleri: mnyamata tamusiya ndi phunziro lakale

Olemekezeka,

Kalatayi ndalembera nonse amene muli ndi mphamvu yosintha momwe anthu amakhalira: inu opanga malamulo ndi ogawa ndalama za boma, inu oyendetsa sukulu ndi zipatala, inu mabwana olemba anthu ntchito, komanso inu abusa, ansembe ndi mashehe amene anthu amakumverani sabata ndi sabata. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mundilole ndiyambire kunyumba kwathu, chifukwa nkhaniyi ine ndinaiphunzirira pamaliro.

Bambo anga anatsokomola miyezi 7 asanafike kuchipatala. Usiku chifuwa chikawagwira ankatuluka mwakachetechete n'kukatsokomolera kuseri kwa nyumba kuti ife tisamve. Thupi litayamba kutha, anatenga msomali n'kuboola bowo lina pa lamba wawo, kenako linanso, kuti thalauza lisagwe. Amayi akati, "Bambo a ana, tiyeni akakuoneni adokotala," yankho linali limodzimodzi: "Ndi chimfine ichi, ine si mwana." Kuntchito sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Tsiku limene anagwa tinachita kuwanyamula, ndipo anawapeza ndi chifuwa chachikulu cha TB, matenda amene amachizika munthu akamwa mankhwala mokhulupirika kwa miyezi 6. Koma iwo mapapo anali atatheratu. Pamaliro anthu anawatamanda kuti anali mwamuna weniweni, wosadziwa kudandaula. Ine ndinali mnyamata, ndipo mawuwo ndinawalandira ngati chuma chamasiye.

Patapita zaka zambiri, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4, anapunthwa pakhonde n'kusupuka bondo. Asanayambe n'kulira komwe, pakamwa panga panali patatuluka kale mawu akuti, "Tonthola, mwamuna salira." Mwanayo anandiyang'ana n'kumeza kulirako. Chibwano chinkanjenjemera, misozi ili lengelenge, koma sanatulutse mawu. Anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, monga muja agogo ake ankachitira. Ndinamulondola, ndinamupeza atakhala pansi atagwira bondo akusisima, ndipo ndinamunyamula n'kumupepesa. Akanagwa mlongo wake ndikanamunyamula pompo mosazengereza.

Mwana sabadwa akudziwa kuti misozi ndi yochititsa manyazi. Amachita kuphunzitsidwa, ndipo aphunzitsi ake si ife makolo tokha. Lamulo la tchuthi cha kuntchito limamuphunzitsa. Ndandanda ya osesa m'kalasi imamuphunzitsa. Benchi ya kusikelo, ulaliki wa paukwati, khalidwe la bwana pamaso pa mtsikana wofuna ntchito, zonsezi ndi sukulu, ndipo makiyi a sukulu imeneyi ali m'manja mwanu. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Phunziro lake tonse tinaliloweza. Mwamuna salira. Mwamuna sapempha thandizo, sabwezedwa mawu ndi mkazi. Mwamuna wopanda kanthu m'thumba alibe mawu pakhomo. Mwamuna ndi tonde, azinunkha. Akapezeka akuchapa matewera kapena atabereka mwana kumbuyo, anzake amanong'onezana kuti mkazi anamudyetsa mankhwala. Pali mawu enanso oopsa kuposa onsewa, akuti kumenya ndi mankhwala a banja. Sindikunyoza zonse zimene makolo anatisiyira ayi. Kulimba mtima, kulimbikira ntchito, kusunga lonjezo, kuima pakati pa ngozi ndi munthu wofooka, izi ndi zabwino ndipo ndikufuna mwana wanga wamwamuna akhale nazo. Ndikufunanso kuti mlongo wake akhale nazo, pakuti amayi anga anali nazo zonsezo pamene anatilera okha. Poizoni ali pa mfundo ziwiri zimene zinasakanizidwa m'katimo. Ina ndi yakuti mwamuna asaonetse kuti wavutika. Ina ndi yakuti ulemu wake umachokera pa kulamulira munthu wina.

Mfundo yoyambayo ikutha amuna, ndipo ziwerengero zake muli nazo m'maofesi mwanu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo amuna amaposa akazi kuwirikiza kawiri. Mwa anthu 100 aliwonse odwala TB, pafupifupi 55 ndi amuna, 33 ndi akazi, otsalawo ndi ana. Pa ngozi za pamsewu amuna amafa kuwirikiza katatu kuposa akazi. Mu 2017 bungwe la UNAIDS linatulutsa lipoti lokhudza amuna ndi anyamata, losonyeza kuti amazengereza kuyezetsa HIV, amachedwa kuyamba ma ARV, ndipo mwamuna amene ali ndi kachilombo amakhala pachiopsezo chachikulu chomwalira kuposa mkazi. Ofesi ya United Nations yoona za upandu, UNODC, inapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse ophedwa ndi anthu anzawo, 8 ndi amuna, ndipo mwa 10 oganiziridwa kuti ndiwo apha, 9 ndi amuna. Bambo anga ali m'kati mwa manambala amenewa. Abambo anu ena alimonso.

Mfundo yachiwiri ikutha akazi. Mu 2021 WHO inalengeza kuti mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi, pafupifupi akazi 736 miliyoni, anamenyedwapo kapena kuchitidwa nkhanza zogonana pa moyo wake, ndipo kawirikawiri wochita zimenezi amakhala mwamuna wake kapena chibwenzi. M'chaka cha 2023 chokha, akazi ndi atsikana pafupifupi 51,100 anaphedwa ndi amuna awo, zibwenzi kapena achibale. Ndiye kuti anthu 140 tsiku lililonse, m'nyumba momwe amayenera kugona mtima uli m'malo.

Chizolowezi chanu ndi kuika mavuto awiriwa m'mafayilo osiyana. Kudzipha ndi TB mumapereka ku unduna wa zaumoyo, nkhanza mumapereka kwa a jenda ndi apolisi, ndipo maofesiwa sakumana. Komatu muzu wake ndi umodzi. Mnyamata amene waletsedwa kulira, kuopa, ndi kuvomera kuti walephera amatsala ndi khomo limodzi lotulukira, khomo la mkwiyo, chifukwa mkwiyo wokha ndi umene sumuchotsera dzina la chamuna. Akakula, ntchito n'kutha, ngongole n'kumuzinga, sangathe kukhala pansi ndi mkazi wake n'kunena kuti, "Mayi, zandivuta, ndili ndi mantha." Chilankhulo chimenecho sanachiphunzire. Manyazi aja amasanduka mowa, mowa umasanduka chibakera, kapena munthu amangopezeka wadzichotsera moyo popanda ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti anali pamoto. Ndipo ngati mkaziyo ndiye akubweretsa ndalama pakhomo, mwamuna wophunzitsidwa kuti ulemu ndi kulamulira amaona ngati walandidwa chake, m'malo mothokoza kuti denga lapeza mutu wachiwiri wolisenza.

Pano ndinene momveka, kuti wina asandimve molakwika. Sindikuikira kumbuyo womenya mkazi. Amuna ambiri akumanapo ndi umphawi ndi manyazi koma sanatukulepo dzanja. Womenya amasankha kumenya, ndipo amasankhanso woti ammenye, pakuti bwana wake samumenya. Lamulo limugwire, khoti limuweruze, ndipo wapolisi amene amabweza mayi wotupa nkhope ndi mawu akuti "za m'banja kakambiraneni kunyumba" achotsedwe pa desikiyo. Chimene ndikunena n'chakuti ndende imalandira munthu zinthu zitaonongeka kale. Kafukufuku wa m'maiko ambiri wasonyeza kuti mnyamata amene anakula akuona amayi ake akumenyedwa amakhala pachiopsezo chachikulu chodzamenya mkazi wake. M'mera mpoyamba. Ngati mukufuna kuti makhoti achepekedwe milandu zaka 20 zikubwerazi, ntchito yake ili pa mnyamata wa zaka 4 amene lero akuphunzira kumeza misozi.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo kwa inu, chifukwa munazisainira kale. Pangano la United Nations lothetsa tsankho kwa akazi, la CEDAW, la 1979, limene pafupifupi maiko onse analivomereza, pa gawo 5 limauza maboma kuti asinthe zizolowezi zoika mkazi kapena mwamuna pansi pa mnzake, ndiponso kuti anthu aphunzitsidwe kuti kulera ana ndi udindo wa onse awiri. Ku Cairo mu 1994 maiko 179 anagwirizana ndondomeko yokhala ndi gawo lapadera lonena za udindo wa amuna pa uchembere, kulera ana ndi ntchito za pakhomo. Chaka chotsatira, ku Beijing, maiko 189 anabwerezanso lonjezo. Padutsa zaka zoposa 30.

Pa mbali ya atsikana mwayesetsa, ndipo ndikuthokozani ndi mtima wonse. Atsikana ambiri ali pasukulu lero kuposa kale lonse, amayi akulowa m'maudindo, malamulo oletsa kukwatiwitsa ana akhwima m'maiko ambiri. Mwana wanga wamkazi amauzidwa kusukulu, pawailesi ndi kutchalitchi kuti akhoza kukhala dokotala, woyendetsa ndege, mtsogoleri wa dziko. Koma mchimwene wake amauzidwa chiyani? Ndani anamuuzapo kuti akhoza kukhala namwino, mphunzitsi wa ana a mkaka, bambo wodziwa kusambitsa khanda? Mtsikana tamukonzekeretsa dziko latsopano, mnyamata tamusiya ndi phunziro la agogo ake, ndipo awiriwa tikuyembekeza kuti adzakwatirana n'kukhala mwamtendere. Mtsikana amene mwamuphunzitsa ufulu wake madzulo amabwerera kunyumba komwe kuli mwamuna amene palibe anamuphunzitsapo kanthu. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December, ndi ofunika ndipo ine ndimayenda nawo. Koma pa masiku ena 349 otsalawo mnyamata amakhala m'manja mwa aphunzitsi ena, ndipo masiku ano ambiri mwa iwo ali pa foni: amuna a pa intaneti amene amamuuza kuti mkazi ndi mdani kapena katundu, ndi kuti chifundo ndi ufooko. Iwo amalankhula naye tsiku ndi tsiku. Inu mumalankhula naye kangati?

Ndikufuna ndichedwe pa nkhani ya tchuthi, chifukwa ndi pamene ndinaonera bwino kuti lamulo limaumba khalidwe. Mwana wathu woyamba anabadwa kudzera mu opaleshoni. Mkazi wanga sankatha kudzuka yekha pabedi, ngakhale kuwerama kuti anyamule khanda. Ndinapita kwa abwana anga kukapempha sabata imodzi. Anandiyang'ana n'kufunsa, anzanga akumva, kuti, "Kodi wabereka ndiwe?" Ofesi yonse inaseka. Anandipatsa tsiku limodzi. Masiku otsatira ndinkachoka m'mamawa mkazi wanga akulira ndi ululu wa bala, n'kubwera usiku atagona. Pofika mwezi wachitatu iye ankadziwa kulira kwa njala, kulira kwa tulo ndi kulira kwa m'mimba, pamene ine mwana akalira ndinkangomupereka kwa amayi ake. Anthu akanationa akanati, mwaona, kulera ndi chibadwa cha akazi. Chibadwa chake chiti? Iye anapatsidwa miyezi yophunzira, ine ndinapatsidwa tsiku limodzi.

Dziko la Sweden linaona zimenezi kalekale. Mu 1974 linakhala loyamba kusintha tchuthi cha amayi kukhala tchuthi cha makolo onse awiri, choti azigawana momwe afunira. Koma chaka choyambacho abambo sanatenge ngakhale tsiku limodzi pa masiku 100 aliwonse. Chilolezo chinalipo, manyazi ndi mantha a kuntchito zinaliponso. Mu 1995 boma linapatula mwezi umodzi woti bambo akapanda kuutenga umangotayika, sungapite kwa mayi. Mu 2002 anauwonjezera kukhala miyezi iwiri, mu 2016 itatu. Lero pa masiku 480 amene banja limapatsidwa, 90 ndi a kholo lililonse palokha, ndipo abambo akutenga pafupifupi masiku 30 pa 100 aliwonse. Norway inachita chimodzimodzi mu 1993 ndi masabata 4 a abambo. Amuna a maiko amenewa sanabadwe ndi mtima wina. Boma lawo linazindikira kuti kulola kokha sikukwanira pamene mnzako wa pa desiki akukuseka, ndipo linapatsa mwamuna chonena kwa bwana wake: ndikapanda kupita, banja langa liluza.

Mudzanena kuti amenewo ndi maiko olemera. Zoona, ndipo sindikupempha masiku 480. Bungwe la zantchito la ILO linanena mu 2022 kuti maiko 115 mwa 185 ali ndi tchuthi cha abambo, koma pakatikati pake ndi masiku 9 okha, pamene pangano la bungwe lomwelo la chaka cha 2000 limati mayi apatsidwe masabata osachepera 14. Kusiyana kumeneku ndi chiphunzitso chokhazikitsidwa ndi boma chakuti mwana ndi wa mayi. Kumavulazanso mkazi pofunsira ntchito, chifukwa wolemba ntchito akaona mtsikana wongokwatiwa kumene amawerengera miyezi imene adzasowe, n'kusankha mnyamata. Tchuthi cha abambo chikakhala chenicheni, cholipidwa, chosasamutsika, kuwerengera kumeneko kumayamba kutha mphamvu.

ILO yomweyo inayeza nthawi mu 2018. Padziko lonse mkazi amathera maola 4 ndi mphindi 25 tsiku lililonse pa ntchito zosalipidwa za pakhomo ndi zosamalira ena, mwamuna ola limodzi ndi mphindi 23. Maola atatu osiyanawo ndi amene mkazi akanawerenga, akanachita bizinesi, akanapita ku msonkhano wa chipani. Mukamadabwa kuti akazi m'nyumba za malamulo padziko lonse ndi pafupifupi 27 okha pa 100 aliwonse, yang'ananinso pamenepo. Simungamuitane mkazi kuti akwere nanu pamwamba mutamusiya ndi katundu yense pamutu.

Kwa amene mukuti za ku Ulaya sizingatheke kwina, pitani ku Rwanda. Anthu ambiri amadziwa dzikoli chifukwa mu 2008 linakhala loyamba kukhala ndi aphungu aakazi ochuluka kuposa aamuna. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi ntchito yotchedwa Bandebereho, mawu a Chinyarwanda otanthauza munthu wachitsanzo. Bungwe la amuna la RWAMREC linasonkhanitsa abambo amene akazi awo anali oyembekezera kapena anali ndi ana aang'ono, m'magulu ang'onoang'ono, kukumana maulendo 15, ena mwa maulendowo pamodzi ndi akazi awo. Sankawalalatira. Ankakambirana za bambo amene anawalera, zimene akufuna kutengera ndi zimene safuna kubwereza, momwe angagwirizanirane pa ndalama, momwe angathetsere mkangano popanda dzanja, ndipo ankaphunzira ndi manja kunyamula ndi kusambitsa khanda. Kafukufuku wa mabanja 1,199 amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti patatha miyezi 21, mwa akazi a amuna amene analowa m'maguluwo 33 pa 100 ananena kuti anamenyedwa m'chaka chapitacho, pamene mwa amene amuna awo sanalowe anali 57 pa 100. Atabwererako patatha zaka 6 anapeza kusiyana kudakalipo. Nambala ya 33 idakali yaikulu, ndipo imandiwawa. Koma taonani chimene misonkhano 15 yokha inachita. Taonaninso nthawi imene anasankha: pamene mwamuna akuyembekezera mwana, mtima wake uli wofewa, akudzifunsa kuti adzakhala bambo wotani. Khomo limenelo limatseguka m'banja lililonse, ndipo zipatala zanu zimaliona tsiku ndi tsiku.

Koma zipatalazo zimamulandira bwanji bambo? Tsiku lina ndinapita ndekha ndi mwana kusikelo, mkazi wanga ali kuntchito. Funso loyamba la anamwino linali lakuti, "Amayi ake ali kuti?" Nditafotokoza, anandilangiza zonse ngati wotumidwa: mukawauze amayi ake chakuti, mukawakumbutse amayi ake tsiku lakuti. Sanalakwe mwadala, anali otopa ndipo mzere unali wautali. Koma ine ndinatuluka nditamva kuti malowo si anga. Mkazi amakumana ndi chipatala ali mtsikana, akakhala ndi pakati, pobereka, ndi pa katemera wa ana, ndipo pa maulendo amenewa amayezedwa magazi, amafunsidwa za thupi lake, amazolowera. Mwamuna alibe khomo lotero. Amafika kuchipatala atanyamulidwa, ngati bambo anga. Inu oyendetsa zaumoyo, tsegulani madzulo ndi Loweruka pamene wogwira ntchito angathe kubwera osataya malipiro a tsiku. Pitani komwe amuna ali, kumalo antchito, kumabwalo a mpira, kokwerera mabasi. Zipangizo zodziyezera wekha HIV, zimene WHO inavomereza mu 2016, zinathandiza amuna ambiri amene sakanaima pamzere. Ndipo pa bambo amene wabwera ndi mwana kusikelo, wina amufunseko kuti, "Nanga inuyo bambo muli bwanji? Mukugona tulo?" Kwa amuna ena funso limenelo likhala loyamba pa moyo wawo wonse.

Aphunzitsi aakulu, zanu n'zosafuna ndalama zambiri. Onani amene amasesa ndi kukolopa, amene amanyamula madesiki, amene mumasankha kukhala mtsogoleri wa kalasi ndi amene mumamupanga wachiwiri wake. Onani zithunzi za m'mabuku, ndani ali ndi chikwama cha kuofesi, ndani ali ndi tsache. Lekani kukwapula mnyamata mowirikiza poganiza kuti iye samva kuwawa, pakuti mukumuphunzitsa kuti wamphamvu amalankhula ndi ndodo. Bungwe la UNESCO linachenjeza mu 2022 kuti anyamata 132 miliyoni sali pasukulu, ndipo ambiri amachoka chifukwa chouzidwa msanga kuti mwamuna azisaka ndalama. Mnyamata ameneyo akadzakula wopanda sukulu, wopanda ntchito, atangotsala ndi chikhulupiriro choti iye ndiye mutu, adzakhala woopsa kwa mkazi wake ndi kwa iye mwini.

Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, inu ndiye muli ndi khutu la amuna kuposa boma. Ndine munthu wopemphera, choncho ndikulankhula ngati mwana wa m'nyumba. Pa maukwati ambiri amene ndakhalapo, ndime ya pa Aefeso 5 yakuti akazi amvere amuna awo imatenga theka la ulaliki, pamene ndime yapamwamba pake yakuti tizimverana wina ndi mnzake, ndi ya m'munsi mwake yakuti mwamuna akonde mkazi kufikira kudzipereka yekha, zimangodutsidwa mothamanga. Yesu analira pamanda a Lazaro anthu akuona. Anamanga nsalu m'chiuno n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake, ntchito ya kapolo. Davide, msilikali wa nkhondo zambiri, analirira Abisalomu mokweza. M'Chisilamu, Aisha, mkazi wa Mtumiki Muhammad, atafunsidwa zimene mwamuna wakeyo ankachita kunyumba anayankha kuti ankatumikira banja lake, ndipo mwana wa Mtumikiyo, Ibrahim, atamwalira, misozi inatsika pamaso pa Mtumikiyo. Zitsanzo muli nazo m'mabuku anu omwe. Mayi akabwera kwa inu ndi mabala, musamubweze ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Muitaneni mwamunayo, muuzeni kuti ndi tchimo ndiponso ndi mlandu, ndipo mayiyo mumuperekeze kumene angatetezedwe.

Ena mwa inu mudzati ndikuononga chikhalidwe. Chikhalidwe chilichonse padziko chasinthapo, ndipo amene amasankha zosunga ndi zotaya ndi eni ake. Panali nthawi imene kutumiza mtsikana kusukulu kunkaoneka ngati kutaya mwambo, lero bambo amavina mwana wake wamkazi akalandira digiri. Funso limene ndikufuna tidzifunse pa mwambo uliwonse ndi lakuti ukuteteza ndani ndipo ukupweteka ndani. Mwambo umene unapha bambo anga sindikuona chifukwa choupatsira mdzukulu wawo.

Amayi omenyera ufulu wa akazi ali ndi nkhawa ina, ndipo ndi yomveka: kuti nkhani ya amuna ikalowa, kandalama kochepa kamene kamapita ku nyumba zothawirako amayi ozunzidwa ndi ku maphunziro a atsikana kadzagawidwa pawiri, ndipo amuna adzalandanso mpando wakutsogolo pa nkhondo imene akazi anaimenya okha kwa zaka zambiri. Musalole zimenezo. Ntchito ya anyamata ndi abambo ikhale ndi mzere wakewake mu bajeti, ndalama zatsopano, zochokera ku zaumoyo, ku maphunziro ndi ku zantchito. Muyeso wake ukhale zimene akazi a m'nyumbazo akunena, monga anachitira ku Rwanda, osati zimene amuna akudzinenera okha. Kampeni ya White Ribbon inayambitsidwa ndi amuna ku Canada mu 1991, patatha zaka ziwiri munthu wamfuti atapha akazi 14 pa sukulu ya ukachenjede ku Montreal pa 6 December 1989 chifukwa choti anali akazi. Lonjezo lake ndi lakuti mwamuna sadzachita nkhanza, sadzaziikira kumbuyo, ndipo sadzakhala chete akaziona. Malo a amuna pa nkhaniyi ndi amenewo, kulankhula ndi amuna anzawo.

Ambiri mwa inu olandira kalatayi ndinu amuna, ndipo anyamata amakuonerani kuposa momwe amakumverani. Mu 2019 maiko anagwirizana pangano la ILO nambala 190 loletsa nkhanza ndi kuvutitsana kuntchito. Amene simunalivomereze livomerezeni, amene munalivomereza ligwiritseni ntchito kuyambira mu ofesi yanu. Mkulu amene amafuna thupi la mtsikana kuti amulembe ntchito kapena amukhozetse mayeso achotsedwe, ngakhale ali mnzanu wa chipani kapena wopereka chakhumi chachikulu, osati kungomusamutsira kwina kuti akapitirize. Mayi akalankhula pa msonkhano wanu musamudule mawu, ndipo amene wamunyoza za kavalidwe kapena za banja lake mumudzudzule pomwepo, inuyo mwini wake, maikolofoni ili yoyatsa. Mukadwala pitani kuchipatala masana anthu akuona. Wantchito wanu akabwera kudzapempha masiku chifukwa mkazi wake wachira, musainireni, ndipo mumufunse dzina la mwanayo.

Mwana wanga uja tsopano ali ndi zaka 9. Kunyumba ndikuyesetsa, amatsuka mbale mosinthana ndi mlongo wake ndipo akakhumudwa amabwera kudzandiuza. Koma m'mawa uliwonse ndimamupereka m'manja mwanu, kusukulu zanu, ku mapemphero anu, ku malamulo anu, ndipo kumeneko amakhala maola ambiri kuposa amene amakhala ndi ine. Ndikupempha kuti pa bajeti ikubwerayi, pa silabasi ikubwerayi ndi pa ulaliki wa ukwati ukubwerawu mundionetse pamene mwamuganizira. Ndidikira yankho lanu.

Ine wanu,
Bambo wa ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi